Ma shrimp m'thanki yatsopano kuno ku Mzuzu: ndiwaike liti, ndipo madzi akhale otani?

Wa_ku_Chibavi

Moni akuluakulu. Ndakonza thanki yagalasi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 chokwera, ndiye kuti imalowa malita pafupifupi 54. Madzi ndi a pampopi, ndinathira masiku 9 apitawo. Pansi pali mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino, miyala itatu, chikuni chimodzi ndi kachomera ka m'madzi kotchedwa Java moss pang'ono. Sefa ndi ya siponji yoyendera pampu ya mpweya. Hita palibe, nsomba mulibe.

Ndikufuna kuikamo ma cherry shrimp 15, tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu, ofiira aja. Wogulitsa ali ku Lilongwe, akuti akhoza kuwakweza basi Loweruka likubwerali. Ndayeza madzi m'mawa uno: amoniya 0, nitrite 0, nitrate 0, pH (muyezo wa asidi m'madzi) 7.0. Choyezera GH ndi KH, miyezo ya kulimba kwa madzi, ndilibe. Madzi ali mbee, sakununkha.

Kodi ndiwauze atumize? Nanga kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julaye, kuphatikiza kuthimathima kwa magetsi, sikungawaphe? Ndithandizeni mwatsatanetsatane, sindikufuna kutaya ndalama komanso kupha tinthu tosalakwa.

Luwinga_Aqua

Achimwene, aimbireni a ku Lilongwe muwauze asunge kaye, Loweruka lino ayi. Ziro zitatu mwapezazo sizikunena kuti thanki yakhwima. Zikunena kuti ntchito sinayambe n'komwe. Thanki yokhwima imaonetsa amoniya 0 ndi nitrite 0, koma nitrate imakhala ilipo, kaya 5, kaya 10, kaya 20 ppm (ppm ndi mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi). Nitrate ikakhala ziro m'thanki ya masiku 9 yokhala ndi ka moss pang'ono, ndiye kuti palibe chomwe chagayidwamo.

Chamoyo chilichonse cha m'madzi chimatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimatulutsanso yemweyo. Amoniya ndi poizoni. Pali mabakiteriya, monga Nitrosomonas, amene amamusandutsa nitrite, nayonso poizoni. Kenako gulu lina, lomwe m'matanki ngati athuwa limakhala makamaka Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, imene siipweteka pokhapokha itachuluka. Mabakiteriyawa sangoyandama m'madzi. Amakakamira pa siponji, pamchenga, pamiyala ndi pagalasi, ndipo amaswana mochedwa kwabasi. N'chifukwa chake thanki imafuna milungu 4 mpaka 6, ndipo madzi akakhala ozizira imapitirira pamenepo.

Komanso sangaswane popanda chakudya chawo, chomwe ndi amoniya yemweyo. Thanki yanu yakhala masiku 9 yopanda kanthu, choncho muyenera kuidyetsa ngakhale mulibe chiweto. Tengani usipa wouma umodzi waung'ono, wosathira mchere, muumange m'kansalu koyera n'kuumiza. Kansaluko kasakhale kachidutswa ka neti ya udzudzu, neti ija ili ndi mankhwala. Yezani amoniya masiku awiri aliwonse. Akafika 2 ppm chotsani usipawo, ndipo kuyambira pamenepo muziwazamo chakudya cha nsomba chongotsina ndi zala ziwiri, tsiku lina inde lina ayi. Amoniya akapitirira 4 ppm tayani theka la madzi, poti akachulukitsa amachedwetsa mabakiteriya omwe mukuwafunawo.

Chomwe mudzaona ndi ichi. Mlungu woyamba ndi wachiwiri amoniya amakwera. Kenako amayamba kutsika, nitrite n'kukwera. Nitrite ndiyo imatopetsa anthu, imatha kukhala pamwamba milungu iwiri kapena itatu osasuntha, mpaka munthu kuganiza kuti choyezera chawonongeka. Musathire mankhwala, musatsuke siponji, musazimitse pampu. Tsiku lina mudzangopeza yatsika yokha. Mudzadziwa kuti zatheka mukamawaza chakudya tsiku ndi tsiku kwa mlungu wathunthu, amoniya ndi nitrite zili pa ziro, nitrate ikukwerabe. Apo sinthani theka la madzi kuti nitrate itsike pansi pa 20 ppm.

Njira yachidule yodalirika ilipo. Pezani munthu wa thanki yakale, yomwe nsomba zake sizikudwala, akufinyireni siponji yake m'botolo. Madzi akuda a matope amenewo ndiwo mbewu. Thamangani nawo tsiku lomwelo mukawathire pa siponji yanu. Zimenezi zimatha kuchepetsa nthawi ndi theka, koma kuyeza musasiye.

Hita igulani panopa, ya mawati 50 ndi yokwana malita 54. Pa nthawi yokhwimitsayi ikani pa madigiri 26 mpaka 28, mabakiteriya amaswana msanga pamenepo. Ma shrimp akatsala pang'ono kubwera muitsitse.

Ndipo ngakhale manambala akhale bwino, onjezani mlungu umodzi kapena iwiri. Shrimp imakhala ikutolatola tsiku lonse ndi timanja take, ndipo chomwe imadya kwambiri si chakudya cha m'paketi ayi, ndi zoterera zija zimamera pachikuni, pamiyala ndi pagalasi, zomwe amazitcha biofilm, pamodzi ndi ndere zanthete. Thanki yoyera mbee ndi thanki ya njala. Yatsani nyali maola 6 mpaka 8 patsiku, muzipukuta galasi lakutsogolo lokha, lakumbuyo ndi la m'mbali mulisiye libiriwire.

Mayi_wa_Katoto

Mchimwene, zomwe anena a Luwinga n'zoona, koma musanamize usipa uja gulani kapena bwerekani choyezera GH ndi KH. Kwa ma shrimp ziwirizi n'zofunika kuposa pH imene anthu amaithamangira.

GH ndi muyezo wa calcium ndi magnesium. Shrimp ili ngati nkhanu, fupa lake ndi chigoba chakunja, ndipo kuti ikule iyenera kufundula. Yaikulu imafundula pakatha milungu 3 mpaka 6, tiana timafundula pafupipafupi. Chigoba chatsopano chimalimba ndi calcium wa m'madzi ndi wa m'chakudya. GH ikachepa, kapena ikasintha mwadzidzidzi, kufundula kumavuta. Mudzaona mzere woyera wozungulira thupi lonse pakati pa mutu ndi mchira, pomwe chigoba chadukira mbali zonse m'malo mong'ambika kumsana kokha. Shrimp yotero imagona chammbali n'kumaphupha, ndipo kawirikawiri siipulumuka. Anthu ambiri amati ndi matenda, pomwe vuto lili m'madzi.

Cherry shrimp, Neocaridina davidi pa dzina la sayansi, kwawo ndi ku Taiwan ndi kum'mawa kwa China. Imakhala bwino pa GH 6 mpaka 8, KH 2 mpaka 5, pH 6.5 mpaka 8.0. Wina akakutsatsani crystal red, ya mizere yofiira ndi yoyera, kanani kaye. Imeneyo ndi Caridina, imafuna KH 0 mpaka 1, pH ya m'ma 6 ndi dothi lapadera, si ya munthu woyamba kumene.

Madzi a pampopi m'tauni muno amachokera ku damu la Lunyangwa. Ndi madzi a mvula osonkhana pamwamba, ndipo madzi otere kawirikawiri amakhala ndi calcium wochepa poyerekeza ndi a pamjigo. Musangoganizira, yezani, ndipo mudzayezenso mvula ikayamba chifukwa amasintha ndi nyengo.

KH, muyezo wa ma carbonate m'madzi, nayo ili ndi ntchito yake pa zomwe a Luwinga afotokoza. Ndiyo imagwira pH kuti isagwe, ndipo mabakiteriya aja amaidya pogaya amoniya. M'madzi a KH 1, pH imatha kutsika kufika pa 6 pakati pa ntchito, mabakiteriya n'kuima zii. Mukaona mlungu wachitatu amoniya sakutsika, yang'anani pH musanaganize zina.

Kukweza GH ndi KH, pa ndowa ya malita 20, kuli motere. Soda wophikira therere uja, bicarbonate, magalamu 0.6 amakweza KH ndi digiri imodzi. Epsom salt wa ku famase, magalamu 0.9 amakweza GH ndi digiri imodzi, koma ameneyu ndi magnesium yekha. Gypsum, amene ndi calcium sulphate, magalamu 0.6 amakweza GH ndi digiri imodzi. Calcium achuluke katatu kuposa magnesium, ndiye kuti pofuna kukweza GH ndi madigiri 4 mumathira gypsum magalamu 1.8 ndi Epsom salt magalamu 0.9. Pamafunika kasikelo kakang'ono koyeza mpaka 0.1, supuni imanama pa tizinthu tochepa chonchi. Soda ndikunenayu si baking powder, ndipo si caustic soda wopangira sopo.

Gypsum akasowa, zigoba za mazira zimathandiza. Ziwiritseni, chotsani kakhungu kamkati, ziumitseni, zisinjeni, muike masupuni awiri aakulu m'kathumba kansalu pafupi ndi siponji. Zimasungunuka pang'onopang'ono n'kumakweza GH ndi KH pamodzi, kungoti sizifulumira ndipo pH ikapitirira 7.5 zimangokhala osasungunuka kwenikweni. Laimu wa kumunda wa dolomite amagwira ntchito mofanana. Laimu womangira kapena wopaka nyumba musayerekeze, amakweza pH kupitirira 12. Mchere wa m'ndiwo sukweza GH ngakhale pang'ono.

Popeza thanki ilibe chiweto, konzani zonsezi kamodzi panopa. Ma shrimp akalowa, zosakanizazi muzisungunulira m'ndowa, osati m'thanki, ndipo ndowa iliyonse izifanana ndi yam'mbuyo.

Za kulorini. Madzi a pampopi amathiridwa kulorini, ndipo amapha mabakiteriya a m'siponji pamodzi ndi ma shrimp. Tungirani m'ndowa yosavundikira, ikanimo kapaipi ka mpweya, akhale maola 24 mpaka 48. Chabwino koposa ndi mankhwala ochotsa kulorini a m'matanki a nsomba, chifukwa amagwira nthawi yomweyo ndipo amathananso ndi chloramine, kulorini wophatikiza ndi amoniya, amene sauluka ndi mpweya. Madzi akumwa omwe mwathira WaterGuard ndi kulorini yemweyo, musawasakanize ndi a thanki.

Dunduzu77

Akulu, ine ndikhudze mbali imene imatha thanki yonse usiku umodzi ngakhale manambala onse ali bwino. Shrimp ndi wachibale wa tizilombo, choncho chilichonse chopangidwa kuti chiphe udzudzu, mphemvu, nankafumbwe kapena nkhupakupa chimaiphanso, ndipo pamlingo wochepa kwambiri woti choyezera chanu sichingauone.

M'nyumba zathu zinthu zotere zadzaza. Mankhwala opopera monga Doom ndi anzake ali ndi poizoni wopha tizilombo wotchedwa pyrethroid. Koyilo ya udzudzu chimodzimodzi. Neti ya udzudzu inanyikidwa m'mankhwala, ndiye beseni lomwe mwachapira neti lisayandikire thanki. Actellic wothira m'chimanga amatsalira m'manja ndi m'zikhadabo. Dipi ndi mankhwala a utitiri wa agalu ndi oopsa zedi. Vuto lalikulu ndi pampu yanu ya mpweya. Imakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuulowetsa m'madzi mphindi iliyonse, ndiye wina akapopera m'chipinda, pampu ija ndiyo imapititsa poizoni kwa ma shrimp. Chivundikiro chokha sichiteteza. Thanki ikhale m'chipinda chosapoperamo, ndipo a pakhomo onse adziwe, kuphatikiza ana ndi wothandiza ntchito za m'nyumba. Zikavuta kuti mupopere, zimitsani pampu, kutani thanki ndi pulasitiki mpaka pansi, tsegulani mazenera kwa maola angapo, kenako muyatse.

Chizindikiro cha poizoni wotere n'chakuti onse, aamuna ndi aakazi, amayamba kusambira mozungulirazungulira nthawi imodzi, kugunda galasi, kugwa chagada n'kumanjenjemera. Musasokoneze ndi kuthamanga kwa amuna okha pofunafuna yaikazi imene yangofundula, apo aakazi amakhala phee akudya. Ikakhala poizoni, sinthani theka la madzi pompo ndi madzi okonzeratu, muikemo activated carbon, makala apadera osefera madzi. Makala ophikira sangalowe m'malo mwake.

Kopa ndi poizoni wina. Mankhwala ena a nsomba ndi ophera nkhono ali ndi copper sulphate, werengani pabotolo musanathire. Ngati nyumba ili ndi mapaipi a kopa kapena giza, musatunge madzi otentha, ndipo ozizirawo muwasiye atuluke kwa mphindi ziwiri kaye. Madzi a mvula ochokera padenga la malata amatenga zinki ndi dzimbiri. Mukafuna a mvula, tcherani beseni la pulasitiki loyera pabwalo, mvula itagwa kale kwa kanthawi.

Funsaninso amene anakumatirani thanki kuti anagwiritsa silikoni wanji. Wa kubafa, wolembedwa kuti amaletsa nkhungu, ali ndi mankhwala omwe amatulukira m'madzi kwa miyezi. Akakhala ameneyo palibe chochitira, m'pofunika kumatula n'kumatanso ndi wa matanki a nsomba. Ndowa, kapaipi ndi kaukonde zikhale za thanki yokha, zosakhudzapo sopo wa ufa. Musanalowetse dzanja, sambani ndi madzi okha mpaka m'chigongono, mafuta odzola asatsalire.

Tsopano za kuzizira, ndipo apa ndisiyanako pang'ono ndi a Luwinga. Hita ndi yabwino, koma hita pamodzi ndi magetsi othimathima imabweretsa vuto lake. Cherry shrimp imapirira kuyambira madigiri 18 mpaka 28, ndipo siifa msanga ngakhale madzi atsikeko pansi pa 18, imangosiya kuswana. Chomwe chimaipweteka ndi kukwera ndi kutsika. Mukaika hita pa 26, magetsi n'kuthima usiku wa mu Julaye pomwe panja pafika pansi pa madigiri 10, madzi amatsika kwambiri pofika m'mawa, kenako magetsi akayaka amakweranso msangamsanga. Ikani pa 21 kapena 22 kuti mpata wake ukhale waung'ono. Matani stairofomu, ija imabwera m'makatoni a mafiriji ndi ma TV, kumbuyo, m'mbali ndi pansi pa thanki. Vundikirani pamwamba. Thanki italikirane ndi zenera. Magetsi akathima usiku, ifunditseni bulangete. Musathire madzi otentha.

Mpweya ndi wofunika kuposa kutentha. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo pamalo okwera chonchi madzi amasunga okosijeni wocheperako kusiyana ndi kumalo otsika a m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Gulani kapampu ka USB koyendera power bank, kamadya moto wochepa kwambiri ndipo kamatha kuyenda usiku wonse. Ubwino wa sefa ya siponji yomwe mwasankha n'kuti imakhala m'madzi a thanki momwemo, mabakiteriya ake safa msanga ngati a m'sefa yotsekeka ya kunja. Pampu ikhale pamwamba pa mlingo wa madzi, kapena muike kavalavu koletsa madzi kubwerera, apo ayi magetsi akathima madzi amatsikira m'kapaipi mpaka kupampu.

Wa_ku_Chibavi

Zikomo kwambiri nonse, a ku Lilongwe ndawauza adikire milungu 6. Mayi, choyezera ndabwereka, GH yatuluka 2, KH 1, ndiye ndikonza monga mwanenera. Silikoni ndafunsa, ndi wa matanki.

Mafunso ena atatu. Chikuni chija ndi chidutswa cha paini chotola kwa ocheka matabwa, chili bwino? Chachiwiri, popeza madzi a pampopi ndi ofewa chonchi, bwanji nditakatunga a m'nyanja ku Nkhata Bay, n'kutengakonso zomera za m'madzi? Chachitatu, tsiku lofika ndidzachite chiyani kuchokera pa depoti mpaka kuwalowetsa?

Luwinga_Aqua

Paini mutulutsemo lero lomwe, achimwene. Ali ndi utomoni, ndipo matabwa ena amakhala atanyikidwa m'mankhwala a chiswe. Bulugamu nayenso ayi chifukwa cha mafuta ake. Pezani nthambi ya gwafa youmira pamtengo, yosapoperedwa, muisende makungwa, muiwiritse ola limodzi, muiviike m'ndowa mlungu umodzi kapena iwiri mukusintha madzi. Ikamera zoyera ngati thonje ikalowa m'thanki musadandaule, ma shrimp amazidya. Mukachotsa paini sinthani madzi onse, mwayi wake mabakiteriya sanayambe. Miyala itatu ija idonthezereni viniga. Ikachita thovu ili ndi laimu, ndipo kwa inu wa GH 2 si vuto, kungoti muziyeza. Miyala musaiwiritse, ikwecheni ndi bulashi basi.

Madzi a m'nyanja asiyeni. pH yake ndi ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo pa pH 8 gawo la amoniya lomwe limapweteka limachuluka pafupifupi kakhumi kuposa pa pH 7, choncho kalakwitsidwe kakang'ono kamakula. Koma chachikulu n'chakuti simungamapite ku Nkhata Bay mlungu uliwonse. Mudzayamba ndi a m'nyanja, mlungu wina mudzathira a pampopi, ndipo kusinthasintha kumeneko ndiko kumapha. Madzi amene muli nawo pakhomo, okonzedwa mofanana nthawi zonse, ndiwo abwino.

Zomera monga Vallisneria ndi Ceratophyllum zimamera m'nyanja yathu ndipo zimachita bwino m'thanki, koma zimabwera ndi alendo: mphutsi za tombolombo zomwe zimagwira ma shrimp n'kudya, tizamoyo ting'onoting'ono totchedwa hydra tomwe timapha tiana, ndi nkhono zomwe zina zimafalitsa likodzo. Mukatenga, zikhale m'ndowa yapayokha milungu 3, mukuchotsa chilichonse choyenda, ndipo muzivala magolovesi. Zomera zogula za kunja nazo ziviikeni masiku 5 mpaka 7 mukusintha madzi tsiku lililonse, poti zina zimapoperedwa mankhwala ophera tizilombo zisanatumizidwe. Namasupuni musamutenge n'komwe. Ndipo ma shrimp akadzachuluka, kapena mukadzatopa nawo, musadzawataye mumtsinje kapena m'dambo. Mtundu umenewu unakhazikika kale m'mitsinje ya ku Hawaii ndi ku Germany kuchokera m'matanki a anthu.

Za ulendo. Wogulitsa akuuzeni GH, KH ndi pH ya madzi ake pasadakhale, kuti anu muwayandikizitse. Asawadyetse tsiku loti mawa anyamuka. M'jumbo madzi akhale gawo limodzi mwa atatu, kotsalako mpweya, ndipo aikemo ka moss kogwirira, poti shrimp yopanda pogwira imakhuchumuka njira yonse. Jumbo ziwiri, ina mkati mwa inzake, m'bokosi la stairofomu. Basi ikhale ya masana. Ya usiku imadutsa ku Chikangawa pa nthawi yozizira kwambiri.

Mukafika nawo, zimitsani nyali. Khuthulirani jumbo, madzi ndi ma shrimp omwe, m'kabakuli koyera, mukaike pansi pafupi ndi thanki. Tengani kapaipi ka mpweya, mbali imodzi m'thanki, inayo muikoke ndi pakamwa mpaka madzi ayambe kutsika, kenako mumange mfundo yolimbitsa mpaka azidontha madontho awiri kapena atatu pa sekondi. Siyani kwa ola limodzi ndi theka kapena awiri, mpaka madzi a m'kabakuli achuluke katatu. Vundikirani, amadumpha. M'nyengo yozizira kabakuli kamazizira msanga, ndiye pomaliza kayandamitseni m'thanki mphindi 15 kuti kutentha kufanane. Atoleni ndi kaukonde, madzi a m'kabakuli mutaye. Tsiku limenelo musawapatse chakudya.

Mayi_wa_Katoto

Nditsirize za milungu yoyamba, mchimwene, chifukwa apa ndi pomwe dzanja limayabwa.

Ma shrimp 15 m'malita 54 okhwima safuna chakudya chambiri. Apatseni kawiri kapena katatu pa mlungu, kachidutswa kosaposa njere ya mpunga kapena ziwiri, m'kambale kakang'ono kagalasi kuti zotsala zisalowe mumchenga. Chomwe sichinathe pakatha maola awiri chotsani. Mukaika chakudya iwo osabwera, ndiye kuti akhuta, dumphani masiku awiri. Kudyetsa mopitirira kumabweretsa amoniya ndi planaria, tinyongolotsi toyera taphanthiphanthi ta mutu wosongoka ngati muvi, tomwe timavutitsa tiana ndi amene angofundula.

Ndiwo zamasamba amakonda: nkhwani, bonongwe, masamba a chammwamba ndi a mabulosi. Ziwiritseni mphindi imodzi kapena ziwiri, zizizire, muike kachidutswa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Zikhale za m'dimba lomwe mukudziwa kuti silinapoperedwe. Repu, chainizi ndi kabichi wa kumsika ayi, kutsuka sikuchotsa mankhwala onse. Masamba ouma a gwafa, a mabulosi kapena a nthochi, awiri kapena atatu owiritsa pang'ono, asiyeni momwemo mpaka atsale mitsempha yokha. Amamera zoterera zomwe tiana timadya, ndipo madzi akachita mtundu ngati tiyi wopepuka si vuto.

Madzi musasinthe mlungu woyamba pokhapokha amoniya kapena nitrite zitaoneka. Kuyambira wachiwiri, malita 5 mpaka 7 pa mlungu n'ngokwana. Ndowa igone m'chipinda chomwecho usiku kuti kutentha kufanane, ndipo muwalowetse ndi kapaipi kaja dontho ndi dontho, osati kukhuthula. Kusintha madzi ambiri kamodzi kumakakamiza ma shrimp kufundula nthawi isanakwane, ndipo imfa zake zimaoneka patatha tsiku limodzi kapena awiri. Pokoka madzi akale mangani kansalu kukamwa kwa paipi, ndipo yang'anani m'ndowa musanataye. Madzi ouma okha ndi dzuwa amasiya calcium yense m'thanki, choncho pobwezera amenewo musathire osakaniza aja, thirani a mvula oyera kapena a pampopi ochotsa kulorini, popeza anu ndi ofewa kale. Siponji muziifinya kamodzi pamwezi m'madzi omwe mwachotsa m'thanki, osati pampopi.

M'mawa wina mudzapeza ngati shrimp yafa pamchenga. Yang'anitsitsani musanatole. Chikakhala choyera chooneka mkati, chopanda kanthu, chong'ambika kumsana kuseri kwa mutu, ndi chigoba chofundula. Chisiyeni, adya okha n'kubweza calcium m'thupi. Yakufa imakhala ndi mnofu, mtundu wake wa pinki wosawala ngati yophika. Imeneyo chotsani msanga, muyeze amoniya, nitrite ndi GH. Kufa imodzi kapena ziwiri mlungu woyamba chifukwa cha ulendo zimachitika. Kufa imodzi tsiku lililonse ndiye kuti madzi ali ndi vuto.

Nsomba musaikemo, ngakhale tinsomba ting'onoting'ono ngati ma guppy, amatola tiana tonse, ndipo mbuna zimadya ndi akuluakulu omwe. Zinthu zikakhala bwino mudzaona yaikazi ili ndi banga lachikasu kumsana kuseri kwa mutu, amenewo ndi mazira asanatsike. Ikafundula n'kukwerana, mazira 20 mpaka 30 amatsikira pansi pa mchira, ndipo imawakupiza ndi timiyendo kwa milungu 3 mpaka 4, pa madigiri 21 kapena 22 nthawi imatalikirako. Pa nthawi imeneyi musasunthe miyala kapena kusintha madzi ambiri, imatha kutaya mazira. Tiana timatuluka tofanana kale ndi makolo, totalika pafupifupi mamilimita 2, ndipo timabisala mu moss masiku oyamba. Mukafuna kutiona, unikani ndi tochi usiku pagalasi lakumbuyo lomwe a Luwinga anati musamapukute.